Kukafuna Denga la Mphika ku Balaka

Amalume anga Che Amidu anamanga pafupifupi nyumba iliyonse ya njerwa ku Nselema, koma anali asanawolokepo Shire. Ankati kutsidya kulibe chimene angakaphunzireko, chifukwa khoma likapindika kuno, ndiye kuti ndi lopindika kulikonse. Chimene chinawadzutsa pamkeka ndi mzikiti wathu watsopano.

Makoma anali atadutsa kale mawindo pamene Che Jafali, telala wa pamsika, anabwera kuchokera ku Balaka ndi nkhani. Iwo anapita kukasiya mayunifolomu pa mishoni ina ya kumeneko, mvula yosayembekezeka n'kuwapeza, n'kubisala pakhomo pa tchalitchi. Kulowa sanalowe, poti ndi Msilamu wa ulemu wake, koma anasuzumira. Akuti anaona denga lobulungira ngati mphika wovundikira, lalitali, lokhala ndi timawindo m'mwamba mwake. Pofotokoza ankatambasula manja mpaka tepi yoyezera kugwa pakhosi. Ngati Akhristu a ku Balaka ali nalo denga lotere, iwo anafunsa, ife tilekerenji, pamene pa makalendala tonse timaliona pa mizikiti ya kwa Aluya?

Akuluakulu a mzikiti anagwirizana nazo. Anauza amalume mwaulemu wonse kuti ngati denga la mphika silitheka, iwo asavutike, kuli mmisiri wina wachinyamata ku Mangochi amene akuti anagwirapo ntchito ku Tanzania, adzamaliza ndi iyeyo. Yankho ankalifuna Lachisanu lotsatira ikatha swala, pemphero lathu la masana. Amalume anali atakula, manja atayamba kunjenjemera, ndipo tonse tinkadziwa kuti iyi ndi ntchito yawo yaikulu yomaliza. Kuti munthu wina adzaike denga pa makoma awo, anthu n'kumati mzikiti wa mnyamata wa ku Mangochi, zinawasowetsa tulo.

Ine nthawi imeneyo ndinali nditangoyamba uphunzitsi, ndipo sukulu inali pa tchuthi. Ku sekondale ndinakonda buku lina la mbiri yakale lokhala ndi zithunzi za nyumba za azungu, ndipo ndinalilankhula kwambiri pamudzi mpaka anthu kutopa nane. Amalume ananditenga kuti ndikawamasulire Chingelezi cha wansembe, komanso, monga ananenera okha, kuti nzeru zanga zija zipeze potulukira.

Basi ya m'mawa inafika dzuwa lili pamutu. Tinaidikira pansi pa mtengo wa mango, amalume ataima chilili kuopa kudetsa mkanjo wawo woyera, umene azakhali anausita ndi simbi ya makala ngati akupita ku ukwati. M'thumba anaikamo khadi la chipani ndi chingwe chawo choyezera, chimene chinali ndi mfundo zimene iwo okha ankazimvetsa. Basi itaima, kondakitala anayamba kukweza matumba a mpunga ndi njinga pamwamba, anthufe n'kumatiyang'ana ngati katundu wotsalira. Tinapeza malo kumbuyo, pafupi ndi mayi wina wonenepa, Abiti Saizi, amene ankapita ku Liwonde ndi madengu a matemba a ku Chiuta. Dengu limodzi anakana kuti likwere pamwamba, choncho linakhala pa miyendo yanga ulendo wonse.

Pa Ntaja dalaivala anazimitsa injini n'kunena kuti akukamwa madzi. Madziwo anali m'nyumba ina ya makatani a maluwa kuseri kwa msika, ndipo anali ambiri. Tinatsika n'kukhala pakhonde la sitolo ya Mmwenye, limene linali ndi mizati yonenepa yopaka laimu. Ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Ndinatsokomola n'kuyamba kufotokoza kuti mizati yotere inayamba ndi Agiriki akale, amene ankaimika miyala yosemedwa bwino n'kugoneka mwala wina pamwamba, ndipo ankayeza kutalika kwa mzati molingana ndi kunenepa kwake, monga mmene thupi la munthu lilili.

"Munthu wake uti?" anafunsa Abiti Saizi. "Ngati ndine, mzatiwo ndi waufupi."

Amalume anadikira kuti anthu amalize kuseka. "Aphunzitsi," anatero, poti ndi mmene ankandiitanira akafuna kundiseka, "Agiriki akowo denga la mphika ankalidziwa?"

"Iyayi, amalume. Iwo ankangogoneka mwala pa mizati."

"Ndiye asiye apume. Kugoneka mtanda pa mizati ngakhale azakhali ako amatha, ndi mmene amamangira thandala la mbale. Tipite kwa amene ankadziwa."

Tinapita kwa amene ankadziwa basi itafa. Titadutsa Nsanama, pa chitunda china, injini inayamba kulira ngati mbuzi yomangidwa, utsi n'kutuluka kutsogolo. Dalaivala anatsegula boneti, anayang'ana nthawi yaitali, n'kulengeza kuti lamba waduka. Kondakitala anatsitsa njinga ya munthu wina pamwamba, mwini wake akudandaula, n'kuyamba ulendo wa ku Liwonde kukafuna lamba. Wina anafunsa kuti abwera nthawi yanji. Dalaivala anayankha kuti abwera, n'kugona pansi pa basi, chipewa kumaso.

Kudikira kwa pamsewu kuli ndi makhalidwe ake. Poyamba aliyense amaima pafupi ndi basi ngati inyamuka pompano. Kenako amayi amayala zitenje pamthunzi. Kenako anthu amene sanapatsane moni m'mawa amayamba kugawana chinangwa. Dzuwa litapendeka, Abiti Saizi anali atatsegula dengu lija n'kugulitsa matemba kwa anthu a m'mudzi wapafupi, ndipo mkulu wina wa tayi, amene ankati ndi kalaliki wa ku boma, anali atavula nsapato. Amalume anaswali pa udzu ndi amuna ena, atatawaza nkhope, manja ndi mapazi ndi madzi a m'kamtsinje kamene kankadutsa pansi pa msewu.

Ndi kumeneko kumene anandiitanira. Pansi pa msewu panali kamlatho kakale ka njerwa, kopindika ngati uta. Ndinatsetsereka ndi mtima wonse, chifukwa apa ndiye panali Aroma, osati a Katolika awa koma akale aja. Ndinafotokoza kuti iwo ndi amene anafalitsa khomo la uta, mmene njerwa iliyonse imakankha inzake mpaka kulemera konse kutsikira m'mbali, ndipo ndi nzeru imeneyi anamanga milatho ndi ngalande zotengera madzi kumizinda. Denga la mphika, ndinatero, ndi uta womwewu koma wozungulira mbali zonse.

Amalume anagwedeza mutu. Khomo la uta anali atamangapo. Umakhoma chikombole cha matabwa, n'kuyala njerwa pamwamba pake, zikagwirana n'kuchotsa matabwa aja. "Koma chikombole cha denga lonse la mzikiti, mphwanga, matabwa ake ndiwatenga kuti? Ndidule mitengo yonse ya m'phiri la Machinga?"

Apa ndinali ndi yankho, ndipo ndinalinena monyada. Patapita zaka zambirimbiri Aroma atatha, inafika nyengo imene azungu amati nzeru zinabadwanso. Mumzinda wina wa ku Italiya munali tchalitchi chachikulu chimene chinakhala nthawi yaitali chopanda denga pakati, chifukwa panalibe matabwa okwanira chikombole chake. Kenako kunabwera munthu wina amene anamanga denga la mphika popanda chikombole chotere, ndipo lilipo mpaka lero.

Amalume anandigwira mkono. "Anamanga bwanji?"

Ndinaganiza. Ndinkachiona chithunzicho m'mutu, denga lofiira pamwamba pa mzinda, ndi mawu a pansi pake onena chaka ndi dzina. Za mmene anayalira njerwa, bukulo silinanene kanthu.

"Buku lako lakupatsa msuzi, nyama linadya lokha," anatero amalume. Anakhala pa mwala n'kuyang'ana manja awo. Analankhula osandiyang'ana. "Ukuwaona mmene akuchitiramu? Chaka chamawa sindidzagwira njerwa. Ndikanakonda ndisiye nditamaliza, osati atandichotsa." Ndinamva chisoni kwambiri, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinatseka pakamwa.

Lamba anafika madzulo, ndipo tinalowa mu Liwonde basi ya ku Balaka itapita kale. Pa depoti achinyamata a chipani a malaya ofiira anali pakhomo kuona makhadi. Athu anali bwino. Kalaliki wa tayi uja ndi amene anapapasa matumba onse, thukuta kamukamu, mpaka kugula khadi lina pomwepo. Abiti Saizi anatitengera kwa mchemwali wawo pafupi ndi njanji, kumene tinagona pakhonde pakati pa madengu. Udzudzu wa ku Liwonde unatilandira ngati abale osowa.

M'mawa anatiuza kuti malole opita ku Balaka amaima kutsidya, choncho tinawoloka wapansi pa baraji, mlatho waukulu wotchinga madzi a Shire. Amalume anali asanaonepo chomanga chachikulu chotere. Anayenda pang'onopang'ono, akusisita simenti ndi chikhatho, ndipo ine nditacheuka ndinapeza atatulutsa chingwe chija, akuyeza kunenepa kwa chipilala. Masiku amenewo munthu sunkayeza chinthu cha boma. Ndisanawafikire, achinyamata awiri anali atawaimirira kale kumbuyo.

"Madala, mukuyeza chiyani? Wakutumani ndani?"

Anthu ankasowa pa nkhani zochepa kuposa imeneyi. Amalume, osadziwa kuopsa kwake, anayamba kufotokoza za mzikiti, za Che Jafali, za mnyamata wa ku Mangochi, kuyambira pa maziko. Anafotokoza motalika mpaka wamkulu wa awiriwo anatopa n'kuona kuti munthu woukira boma sangakhale wotopetsa chonchi. Anafunsa ngati amalume ndi mmisiri weniweni, n'kuwonjezera motsitsa mawu kuti nyumba ya mayi ake yang'ambika pakona. Amalume anamufunsa za dothi la pamalopo ndi kumene madzi a padenga amagwera, n'kumuuza chochita. Anatilola kupita, koma chingwe anatenga, akuti ndi umboni. Amalume anachidandaula chingwecho mpaka ku Balaka ngati mbuzi yobedwa.

Lole imene inatinyamula inali ya thonje. Tinakhala pamwamba pa mabelo, mphepo ikutiwomba, dalaivala atatichenjeza kuti tikaona apolisi tigone pansi tikhale thonje. Pa Balaka tinafunsa njira ya ku mishoni ija n'kuyenda wapansi m'minda youma, fumbi likusintha pang'onopang'ono mtundu wa mkanjo umene azakhali anausita uja.

Tchalitchi chinaonekera patali, ndipo amalume anaima. Denga lake linali la malata wamba, la msana umodzi ngati sitolo. "Mphika uja uli kuti?" anafunsa. Ine, posafuna kuti ulendo ufere panjira, ndinakumbuka kuti denga la ku Italiya lija linali la zigawo ziwiri, lamkati ndi lakunja. Ndinati mwina apanso mphika uli mkati, malata angouphimba. Amalume anayang'ana kutalika kwa makoma, n'kundiyang'ana ine.

Chitseko chinali chotsegula. Amalume anaima pakhomo penipeni pamene anaima Che Jafali, n'kusuzumira. Ndinawamva akukoka mpweya. Kutsogolo, pamwamba pa guwa, denga linakwera m'mwamba mobulungira, mizati ing'onoing'ono itazungulira m'munsi mwake, ndipo pa nsonga timawindo tinkathira kuwala ngati dzuwa la m'mawa. "Mashaallah," anatero chapansipansi. "Jafali sananame."

"Lowani, bambo, muone bwino," anatero munthu wina kumbuyo kwathu. Anali wansembe wake, Mtaliyana wokalamba, wamfupi, wa ndevu zoyera ndi nsapato za matayala. Ndinakonza Chingelezi changa, koma iye anapitiriza m'Chichewa chosalala, n'kuponyamo moni wa Chiyao. Ntchito imene ndinabwerera inathera pomwepo.

Amalume anazengereza, kenako anavula nsapato n'kulowa, maso ali m'mwamba. Titayenda pang'ono, dengalo linayamba kuchita zachilendo. Mizati ija inapendekeka. Titafika pansi pake penipeni, mphika wonse unali utagonera mbali imodzi ngati munthu woledzera. Pakona panali nsungwi yaitali yochotsera kangaude. Amalume anaitenga osapempha, n'kugogoda pakati pa timawindo tija. Panamveka kuti gu, gu. Inali siling'i ya matabwa, yosalala ngati tebulo, ndipo mphika wonse ndi kuwala kwake zinali penti.

Anaika nsungwi pansi bwinobwino n'kukhala pa benchi. Sindinawaonepo atachepa chotero. Ndinafotokozera wansembe chimene tabwerera, ndipo iye anasiya kumwetulira n'kukhala pambali pawo. Anati nayenso ankafuna denga ngati la tchalitchi cha kwawo, koma ndalama kunalibe. Ndiye anakumbuka kuti kwawoko, itatha nyengo ya nzeru kubadwanso ija, inabwera nyengo ina imene amaitcha baroko, pamene amisiri ankakonda kudabwitsa maso, makoma okhotakhota, golide paliponse. Ndalama zikawathera, ena ankangojambula denga la mphika pa siling'i, lokonzedwa kuti lizioneka bwino munthu ukaima malo amodzi. Nayenso anajambula lake, n'kusankha pakhomo.

"Ndiye mumanamiza anthu m'nyumba ya Mulungu, abambo?" anafunsa amalume.

"Mulungu akudziwa kuti ndi penti," anayankha wansembe. "Ine ndimangofuna kuti anthu akalowa akweze maso." Anapitiriza kunena kuti ngati amalume akufuna, atha kubwera ku Nselema kudzawajambulira lina.

Amalume anathokoza, koma anakana. "Kwathu salowa n'kuima pakhomo. Amafika mpaka kutsogolo, ndipo ndi anthu okonda kugogoda zinthu."

Wansembe anatiitana kuti tikamwe tiyi tisanabwerere. Tinamutsatira mwakachetechete, amalume akukoka miyendo. Tikudutsa kuseri kwa khitchini, iwo anaima mwadzidzidzi mpaka ndinawagunda. Pansi pa kashedi panali chinthu cha njerwa chobulungira, chofika m'chifuwa, chokhala ndi kakhomo kakuda kutsogolo.

"Icho n'chiyani?"

"Uvuni wa buledi basi," anatero wansembe. "Ndinamanga ndekha. Bambo anga anali mmisiri, ndipo kwathu mudzi uliwonse uli ndi wotere."

Mwayi wake tsiku limenelo sanaphike. Amalume anandipatsira kofiya, anagwada, n'kulowetsa mutu, kenako mapewa, mpaka kunja kunatsala miyendo yokha. Tinaima ine ndi wansembe tikuyang'ana zidendene zawo. Mawu anatuluka m'katimo ngati a munthu wa m'chitsime: "Matabwa munachotsera pakhomo pano?"

"Munalibe matabwa."

Miyendo ija inasiya kugwedezeka. Kenako amalume anatuluka chafutambuyo, nkhope, ndevu ndi mkanjo zonse zili bii ndi mwaye, maso okha akuwala. Wansembe anatola ndodo, anamanga chingwe pa chikhomo chimene anakhoma pansi, n'kuwaonetsa. Umayala njerwa mozungulira, mzere umodzi, iliyonse itaweramira pang'ono mkati, chingwe chochokera pakati chikukuuza poiika. Mzere ukatsekeka umadzigwira wokha, palibe njerwa ingagwe chifukwa zinzake zaipanikiza. Pamwamba pake umayala mzere wina wocheperapo, mpaka pa nsonga patsale bowo la njerwa imodzi.

"Chingwe ndinali nacho," anadandaula amalume, "koma chili ndi chipani."

Tiyi anazizira patebulo. Madala awiriwo ananjuta pafumbi ndi zidutswa za njerwa ndi matope, akumanga kamphika kakang'ono, akukangana ngati anakulira limodzi. Amalume anafunsa ngati lalikulu lingaime. Wansembe ananena zoona, kuti iye sanamangepo loposa uvuniwo. Chimene ankadziwa kuchokera kwa bambo ake n'chakuti denga lotere limakankha makoma kunja, choncho m'munsi mwake pamafunika khoma lonenepa ndi lamba wa chitsulo, ndipo munthu asachite dyera ndi kukula kwake. Zotsalazo, anati, ndi za manja a mmisiri. Amalume anayang'ana manja awo akuda, n'kuwapukuta pa mkanjo.

Za ulendo wobwerera ndikukumbukapo zochepa. M'basi anthu ankawapatsa malo ambiri amalume poganiza kuti ndi wootcha makala, ndipo azakhali ataona mkanjo uja sanawalankhule mpaka m'mawa.

Lachisanu itatha swala, akuluakulu anakhala pamthunzi wa makoma opanda denga aja. Che Jafali anali kutsogolo, akumwetulira ngati mwini nkhani. Ine lilime linkandiyabwa. Ndinkafuna kunena za nsungwi ija ndi kulira kwa siling'i, kuti anthu aseke telala amene anatiyendetsa ulendo wonsewo chifukwa cha penti. Amalume anandiponda chala.

"Mwaliona, Che Amidu?" anafunsa Che Jafali.

"Ndaliona, ndipo ndi lokongola monga munanenera," anatero amalume. "Ine ndimanga. Langa lidzakhala kutsogolo kokha, ndipo lidzachepa poyerekeza ndi la ku Balaka. Koma langali mvula ikagwa lidzanyowa."

Akuluakulu anayang'anizana, osamvetsa kuti kunyowa kwa denga kuli ndi ubwino wanji, koma anavomera. Amalume anamanga chilimwe chonse, mzere umodzi n'kuusiya uume, manja akunjenjemera mpaka njerwa itakhala pamalo pake. Anthu ankadutsa chapatali kuopa kuti ligwa. Ena ankati likufanana ndi uvuni, ndipo amalume ankangoti anthu ali ndi maso. Che Jafali anamwalira akunyadira kuti nzeru inali yawo, ndipo palibe anawatsutsa.

Mvula yoyamba inagwa tsiku lina masana, nthawi ya swala itayandikira. Anthu onse anathamangira mkati. Nditayang'ana pawindo ndinaona amalume ataima okha pabwalo, atanyowa mpaka m'mafupa, akuyang'ana madzi akutsetsereka mbali zonse za denga lawo. Ndinawaitana kuti alowe angadwale. Anandikwezera dzanja osacheuka, kuti ndidikire kaye. Njerwa ina sanadzaigwirenso.